Salome wa m'filimu si mtsikana wa mu Marko 6

Makalata ambiri amene andipeza mwezi uno akufunsa za mafilimu a nkhani za m'Baibulo, makamaka aja amene asanajambulidwe anali kale masewero otchuka a pasiteji. Ena mwa makalatawa ndawafupikitsa, ndipo maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Aphunzitsi, mwana wathu woyamba tinamutcha Salome, pano ali Folomu 3. Msuweni wake wa ku yunivesite atabwera kutchuthi anawaonetsa pa laputopu filimu ya Al Pacino yotchedwa Salomé. Chionereni filimuyo, mwanayu sakufunanso kuitanidwa dzina lake. Akuti tinamupatsa dzina la mkazi wachiwerewere amene anaphetsa mneneri n'kupsompsona mutu wake wodulidwa. Kodi zimenezi zilimodi m'Baibulo? — Mayi wodandaula, Mchinji

Mayi, pepani kuti mwana akulira ndi dzina labwino chonchi. Madzulo ano mukhale naye pansi, mutsegule Marko 15:40 ndi Marko 16:1. Salome amene Baibulo limamutchula dzina ndi mayi uja anaima chapatali n'kumayang'ana Yesu ali pamtanda, ophunzira aamuna atabalalika. Sabata litatha, mayi yemweyo anagula zonunkhira pamodzi ndi Mariya wa Magadala ndi Mariya amake a Yakobo, nalawirira kumanda. M'Chipangano Chatsopano chonse, Salome wotchulidwa dzina ndi yekhayo. Mwana wanu adziwe kuti dzina lake ndi la mayi ameneyu.

Mtsikana uja amene anavina n'kupempha mutu wa Yohane Mbatizi nkhani yake ili pa Marko 6:14-29 ndi pa Mateyu 14:1-12, ndipo onse awiri sanalembe dzina lake. Amangoti mwana wamkazi wa Herodiya. Dzina loti Salome tinalipeza kwa Josephus, Myuda wolemba mbiri yakale, amene anandandalika anthu a banja la Herode. Josephus akuti Herode Antipa anapha Yohane Mbatizi m'linga la Machaerus, kum'mawa kwa Nyanja Yakufa m'dziko limene lero ndi Jordan, chifukwa choopa kuti khamu lomutsatira lingaukire boma. Za kuvina sanalembe, za mbale sanalembe. Za mtsikanayo akuti anakwatiwa kawiri ndipo anabereka ana aamuna atatu.

Nanga zopsompsona mutu zinachokera kuti? Zinachokera kwa Oscar Wilde, mlembi wa ku Ireland, amene mu 1891 analemba sewero la Salomé m'Chifalansa. M'sewero lakelo mneneri watsekeredwa m'chitsime chouma, mtsikanayo wamva mawu ake, walamula kuti amutulutse, ndipo wayamba kumusirira thupi, tsitsi ndi milomo. Mneneriyo akumukana n'kumutemberera. Pamene Herode akumupempha kuvina, iye akuvina kale ali ndi cholinga chake, ndipo akupempha mutu mwa kufuna kwake, amayi ake osamutuma. Herode akuyesa kumunyengerera ndi miyala yamtengo wapatali ndi mbalame zake zoyera, iye osagonja. Mutu utabwera akuupsompsona, kenako Herode akulamula asilikali kuti amuphwanye ndi zishango. Gule wotchuka wa mtsikanayo, wodziwika kuti gule wa nsalu 7, nayenso ndi wa Wilde, anamulemba m'kamzere kamodzi kolangiza ochita sewero. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene mungachipeze mwa Marko kapena mwa Mateyu.

Tsono muone zimene zasuntha. Mwa Marko, wosunga mangawa ndi Herodiya, chifukwa Yohane anadzudzula ukwati wake ndi mlamu wake. Wolumbira mopanda nzeru pamaso pa alendo ndi Herode, munthu amene ankadziwa bwino kuti Yohane ndi wolungama ndiponso ankakonda kumumvetsera. Mtsikanayo atauzidwa kuti apemphe chilichonse, anatuluka kukafunsa amayi ake kuti apemphe chiyani. Ndi mwana wopezeka pakati pa akuluakulu oipa mtima, wovinitsidwa paphwando la amuna audindo. Mfumu inamva chisoni, komabe inapha munthu wosalakwa poopa kuchita manyazi pamaso pa anzake. Pamenepo ndiye pagona nkhani ya Marko. Wilde anatenga mlandu wonsewo n'kuusenzetsa mtsikana, ndipo izi zimandipweteka, chifukwa ndi zimene anthu amachita kawirikawiri mwana wamkazi akagwera m'manja mwa akuluakulu.

Sindikunena kuti sewerolo ndi lachabechabe. Ndi sewero lolembedwa mwaluso, lonena za chilakolako chimene chikakanidwa chimasanduka nkhanza, ndipo Herode wa mmenemo ndi bambo wonyansa amene maso ake sachoka pa mwana womupeza. Richard Strauss analisandutsa sewero loimba mu 1905 ku Dresden. Opanga mafilimu akhala akulibwerera: Alla Nazimova mu filimu yopanda mawu ya 1923, Ken Russell mu 1988 amene anaika sewerolo m'nyumba ya mahule ku London, ndi Carlos Saura wa ku Spain mu 2002 amene anafotokoza nkhaniyo ndi magule. Ku Hollywood mu 1953 anachita kutembenuza zonse, Rita Hayworth n'kumavina pofuna kupulumutsa Yohane. Aliyense anamuumba mtsikanayo mmene anafunira. Ya Pacino inachokera ku sewero limene ankachita pasiteji ku Los Angeles mu 2006, Jessica Chastain ali Salome. Mu 2011 Pacino anatulutsa Wilde Salomé, yosakaniza sewerolo ndi mbiri ya Wilde, ndipo mu 2013 anatulutsa sewero lokhalo.

Chimene filimu imawonjezera ndi kamera. M'holo ya zisudzo mumakhala patali, mumaona Herode akuyang'anitsitsa mtsikanayo, mumaonanso Herodiya akuipidwa, ndipo maso anu amasankha okha kopita. Kamera imakusankhirani. Ikayandikira thupi la wovinayo, woonera waikidwa pampando wa Herode asanafunsidwe. Filimu imeneyi ili ndi malo oonetsa thupi losavala, si ya ana a Folomu 3, ndipo msuweniyo mumuuze mosabisa mawu kuti analakwitsa.

Mwana wanu mumufotokozere chonchi: nkhani ya m'Baibulo ndi agogo, sewero ndi mwana wawo, filimu ndi mdzukulu. Mdzukulu amatha kutenga mphuno ya agogo ake, koma khalidwe n'kukhala lakelake. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Mavesi 16 a Marko aja awerenge yekha, sizitenga ndi mphindi zisanu zomwe.

Aphunzitsi, mphunzitsi wathu wa Chingelezi anatiuza kuti ku England kunali lamulo loletsa kuonetsa anthu a m'Baibulo pasiteji. Zoona? Nanga masewero akale a Baibulo anachokera kuti? — Mtsikana wa sekondale, Zomba

Zoona, mwanawe. Sewero lililonse lofuna kuonetsedwa kwa anthu olipira pakhomo linkayenera kulandira chilolezo ku ofesi ya Lord Chamberlain, ndipo ofesiyo sinkalola kuti anthu a m'Baibulo aoneke pasiteji. Mu 1892 Sarah Bernhardt, katswiri wa zisudzo wa ku France, anali atayamba kale kukonzekera Salomé ku London pamene chilolezo chinakanidwa. Sewerolo linakaonetsedwa koyamba ku Paris mu 1896, mwini wake ali m'ndende ku England. Anthu wamba a ku London analiona mu 1931, Wilde atamwalira kalekale mu 1900. Mphamvu za ofesi imeneyo pa zisudzo zinatha mu 1968.

Koma kale kwambiri zinthu sizinali choncho, ndipo mbali imeneyi ndimaikonda. M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, m'matauni monga York, Chester ndi Coventry, anthu ankachita masewero a Baibulo lonse, kuyambira pa kulengedwa kwa dziko mpaka pa tsiku la chiweruzo. Sanali akatswiri a zisudzo. Anali amisiri ndi amalonda, gulu lililonse ndi nkhani yake, atakwera pa ngolo zokokedwa m'misewu, kuima apa kuchita sewero, kusuntha kukaimanso kutsogolo. Ku York okhoma zombo ndi amene ankachita za kukhomedwa kwa chingalawa cha Nowa, ophika buledi ankachita Mgonero wa Ambuye, osula misomali ankachita za kupachikidwa. Ku Chester otunga madzi mumtsinje wa Dee ankachita za chigumula. Munthu ankabwera ndi luso la ntchito yake m'nkhani yopatulika.

Ankawonjezeramonso zawo. Ku Chester mkazi wa Nowa akukana kulowa m'chingalawa pokhapokha anzake omwa nawo alowenso, mpaka ana ake kuchita kumunyamula. Ku Coventry Herode wolusa ankatsika pangolo n'kumakalipa mumsewu pakati pa anthu. Ukaona anyamata a kutchalitchi kwanu pa Khirisimasi atamuveka Herode magalasi akuda, akubangula anthu n'kumaseka, dziwa kuti anzawo a ku Coventry ankachita zomwezo zaka 500 zapitazo. Akuluakulu a mpingo wa Chipulotesitanti anadzaletsa masewerowa. Ku Chester anachitika komaliza mu 1575, ndipo anadzaukanso mu 1951.

Bambo, ine ndimagwira ntchito ku Cape Town. Mnzanga wa Chixhosa anandionetsa filimu yotchedwa Son of Man. Yesu wake ndi wakuda, amayankhula Chixhosa, sabatizidwa mu Yordano, ndipo amamupha mobisa osati pamtanda. Inandikhudza mtima kwambiri, koma pambuyo pake ndinayamba kuchita mantha kuti mwina ndaonera zonyoza Mulungu. Mukuti bwanji? — Mmalawi wa ku Cape Town

Achimwene, mantha achotseni. Mwa mafilimu onse amene ndatchula mwezi uno, imeneyi ndi imene ndingaiikire kumbuyo ndi mtima wonse, ngakhale ndili nayo pondivuta.

Muzu wake ndi masewero a ku Chester omwe ndafotokoza pamwambapa. Mark Dornford-May, wotsogolera zisudzo wochokera ku England, anasonkhanitsa oimba ndi ochita zisudzo a m'makomboni ndi m'midzi ya ku South Africa, natenga masewero akalewo n'kuwachita m'Chixhosa, Chizulu, Chiafrikaans ndi Chingelezi, ndi nyimbo ndi magule a komweko. Sewerolo analitcha Yiimimangaliso, ndipo linakagwedeza London mu 2001. Gulu lomwelo, la Dimpho Di Kopane, linapambana mphoto yaikulu ku chikondwerero cha mafilimu cha Berlin mu 2005 ndi filimu ya U-Carmen eKhayelitsha. Son of Man inatuluka mu 2006, Andile Kosi ali Yesu, Pauline Malefane ali Mariya, ndipo mbali yaikulu inajambulidwa ku Khayelitsha, kufupi ndi kumene muliko.

Anthuwa sananamize aliyense kuti akuonetsa Palestina wa zaka 2,000 zapitazo. Anafunsa funso lina: Yesu akanabadwa lero m'dziko la mu Africa lokhala pankhondo, akanaphedwa bwanji, ndipo akanamupha ndani? Mngelo akumupeza Mariya atabisala m'kalasi pakati pa mitembo ya ana a sukulu ophedwa ndi zigawenga za Herode. Yesu akulowa ukulu kudzera m'chinamwali cha anyamata a Chixhosa, atapakidwa dothi loyera. Pakati pa ophunzira ake pali akazi. Mkazi wogwidwa m'chigololo akufuna kumuotcha ndi petulo. Yudasi akuyenda ndi kamera, kujambula zonena za Yesu mobisa kuti akapereke kwa akuluakulu. Zozizwitsa zikachitika, anthu akuzijambula ndi penti pa makoma a m'komboni, kuti amene sanaone aone.

Imfa yake ndi imene yakuopsani, ndipo ndi pamene ine ndimaona nzeru zakuya. Akumugwira usiku, kumumenya mpaka kufa, kumuponya kumbuyo kwa galimoto, n'kukamukwirira m'dzenje kutchire. Munthu wa ku South Africa akaona zimenezi amakumbukira Steve Biko, amene anamenyedwa ndi apolisi ku Port Elizabeth, n'kutengedwa kumbuyo kwa galimoto ulendo wa makilomita oposa 1,000 mpaka ku Pretoria, kumene anafera pa 12 September 1977. Nafenso sitingaone zimenezi osakumbukira Mwanza mu 1983, pamene nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Aroma ankapachika munthu poyera kuti onse aone n'kuopa. Maboma ankhanza a masiku athu amasowetsa munthu kuti pasapezeke wofunsa. Ndiye mufilimuyi amene akuimika mtanda ndi Mariya. Akukafukula mtembo wa mwana wake, kuumangirira pamtanda pamwamba pa komboni kuti aliyense aone zimene anachita, ndipo azimayi akuimba n'kumavina asilikali atawalozetsa mfuti. Kumapeto Yesu akuonekanso wamoyo pamodzi ndi angelo, amene mufilimuyi ndi ana aang'ono.

Pondivuta ndi apa. Yesu wa mufilimuyi amayankhula kwambiri za katangale, za umodzi ndi za kulimbana ndi nkhanza popanda chida, koma za kukhululukidwa kwa machimo ndi za Atate ake akumwamba simuzimva kwenikweni. Mkhristu aliyense aona kuti pachotsedwa chinthu chachikulu. Komabe kuchepetsa n'kosiyana ndi kunyoza. Munthu wonyoza amafuna kuti museke chopatulika. Awa amafuna kuti mulire ndi Mariya, ndipo inu mwanena nokha kuti zinatheka. Khungu lakuda lisakudetseni nkhawa mpang'ono pomwe. Yesu wa tsitsi losalala ndi maso obiriwira wa pa makalendala athu nayenso anajambulidwa ndi anthu amene anamufanizira ndi mtundu wawo.

Ngati mungaipeze, gulu la Dornford-May linapanganso filimu yaifupi mu 2013 yotchedwa Unogumbe, yochokera ku sewero la chigumula la ku Chester kudzera m'nyimbo za Benjamin Britten. Mmenemo Nowa ndi mayi.

Aphunzitsi, achinyamata a pampingo pathu akufuna kuonetsa Jesus Christ Superstar m'holo pa Lachisanu Loyera. Ine ndaionera ndipo sindinaonemo kuuka kwa Ambuye. Ena akuti ndine wokhwimitsa zinthu. Ndiwalole? — Mkulu wa mpingo, Kasungu

Bambo, maso anu sanakunamizeni, kuuka mulibemo. Filimu ya 1973 imayamba ndi basi ya achinyamata ikufika m'chipululu ku Israel, akutsitsa zovala ndi mtanda, n'kuyamba sewero. Imatha iwo akukweranso basi ija, koma amene anali Yesu palibe. Chotsalira ndi mtanda dzuwa likulowa, ndi chithunzi chosaoneka bwino cha mbusa akudutsa ndi nkhosa. Ena amati chimenecho ndi chizindikiro cha kuuka, koma manda opanda kanthu simuwaona.

Andrew Lloyd Webber ndi Tim Rice anayamba kutulutsa nyimbozo pa chimbale mu 1970. Sewero linafika ku Broadway, dera la zisudzo ku New York, mu 1971 ndi ku London mu 1972, patangopita zaka 4 chithereni lamulo loletsa lija. Norman Jewison ndi amene anatsogolera filimuyo, Ted Neeley ali Yesu, Carl Anderson ali Yudasi. Olembawo ankafuna kuona sabata yomaliza ya Yesu kudzera m'maso a Yudasi, ngati munthu wokonda mbuye wake koma wochita mantha kuti zinthu zafika poipa. Jewison anawonjezera akasinja a nkhondo othamangitsa Yudasi, asilikali a mfuti zamakono, ndi msika wa m'kachisi wogulitsa zida. Ena anadandaula kuti mbali ya wopereka Yesu inapatsidwa kwa munthu wakuda, ngakhale kuti Anderson ndi amene amaimba mogwira mtima kuposa onse. Mabungwe a Ayuda nawonso anadandaula ndi mmene ansembe anaonetsedwera.

Pali zinthu ziwiri zoti achinyamata anu azidziwe asanaonere. Choyamba, Yudasi wodera nkhawa osauka pa nkhani ya mafuta onunkhira alipodi pa Yohane 12:4-5, koma vesi 6 ikunena kuti sananene izi chifukwa chosamala osauka, anali mbala yoba m'thumba la ndalama. Sewerolo linatenga mavesi awiri oyambawo n'kusiya lachitatulo. Chachiwiri ndi Mariya wa Magadala, amene akuonetsedwa ngati mkazi woyendayenda wogwa m'chikondi ndi Yesu. Uthenga Wabwino sunena paliponse kuti anali hule. Luka 8:2 akuti Yesu anamutulutsa ziwanda 7, ndipo anali mmodzi mwa amayi otumikira gululo ndi chuma chawo. Kumusokoneza ndi mkazi wochimwa wa pa Luka 7 kunakhazikika ndi ulaliki wa Papa Gregory mu 591. Mpingo wa Katolika unasiya kuwaphatikiza pa kalendala yake mu 1969, ndipo mu 2016 Papa Francis anakweza tsiku lake la 22 July kukhala chikondwerero. Mayi woyamba kuona Ambuye atauka wanyamula mbiri yoipa kwa zaka zoposa 1,000, ndipo filimu ngati iyi imaipitiriza.

Yankho langa ndi ili: pa Lachisanu Loyera ayi, chifukwa anthu amabwera kudzapembedza ndipo adzaitenga ngati ulaliki. Koma musaitseke pakhomo. Apatseni Loweruka lina masana, mukhale nawo, Mabaibulo ali pamiyendo. Nyimbo ya ku Getsemane, pamene Yesu akulimbana ndi chikho chimene wapatsidwa, imafika pamtima kuposa maulaliki ambiri amene ndamvapo pa ndimeyi. Ikatha muwafunse kuti achotsa chiyani, awonjezera chiyani, ndipo chifukwa chiyani. Mudzadabwa ndi mayankho awo.

Aphunzitsi, ilipo yoti tingaonere ndi ana pa Khirisimasi popanda kutseka maso? — Mayi wa ana atatu, Mzuzu

Ilipo, mayi. Black Nativity ya 2013, yotsogoleredwa ndi Kasi Lemmons, inachokera ku sewero la Langston Hughes la 1961 lofotokoza kubadwa kwa Yesu ndi nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda a ku America. Filimuyo inamanga nkhani yatsopano kuzungulira sewerolo: mnyamata wa ku Baltimore, amayi ake atalandidwa nyumba, akutumizidwa kwa agogo ake ku Harlem amene sanawaonepo, ndipo agogo aamunawo ndi abusa. Forest Whitaker, Angela Bassett ndi Jennifer Hudson alimo. Nkhani ya banjalo imathera mofulumira kwambiri, koma kuimba kwake n'kokoma, ndipo ana osinkhukirapo aimvetsa. Kwa ang'onoang'ono pezani Joseph and the Amazing Technicolor Dreamcoat ya 1999, imene inayamba ngati kasewero ka ana a sukulu ku London mu 1968. Pali kachigawo ka mkazi wa Potifara kamene mungafune kudumphitsa, ndipo muwauze kuti Mulungu, amene pa Genesis 39 akutchulidwa mobwerezabwereza kuti anali ndi Yosefe, m'seweroli satenga mbali.

Agogo, gulu lathu la achinyamata lili ndi sewero la masautso a Yesu limene anthu amalikonda kwambiri chaka chilichonse. Tikufuna kulijambula ndi foni n'kuliika pa YouTube. Tiyambire pati? — Mtsogoleri wa achinyamata, Balaka

Mdzukulu wanga, kalata yako yandisangalatsa. Yamba ndi kuvomereza kuti chimene chimakoma m'tchalitchi sichingokoma chokha pa foni. Mukaimika foni kumbuyo kwa holo n'kujambula sewero lonse kuchokera pamenepo, mudzapeza tianthu ting'onoting'ono tikukuwa, ndipo woonera sadzafika mphindi yachitatu. Pasiteji munthu amatambasula manja n'kukweza mawu kuti wa benchi yomaliza amve. Kamera ikakhala pafupi, zomwezo zimaoneka ngati zongoyerekeza. Petro akamakana Yesu, nkhope yake yokha ikwanira. Mawu ambiri amene mumanena pofotokozera anthu kumene muli muwadule, chifukwa malowo aoneka okha.

Chachiwiri, sankhani dziko limodzi n'kukhalamo. Ngati mukuti ndi Yerusalemu wakale, wotchi ya pamkono, mawaya a magetsi ndi njinga ya kabaza yodutsa kumbuyo zidzaononga zonse. Kunena zoona, mulibe ndalama zomangira Yerusalemu. Chimene muli nacho ndi Balaka: msika, bwalo la amfumu, njanji, milambe. Anzanu a ku Khayelitsha anapambana chifukwa sanabise kwawo. Dzifunseni kuti Pilato wa kwanuko amakhala mu ofesi yotani, ndipo akamasamba m'manja amasamba bwanji. Mukasankha njira imeneyi, lembani poyambirira penipeni kuti ili ndi sewero lochokera pa Marko 14 mpaka 16, kapena ndime zilizonse mwatenga, kuti woonera akathe kukayerekeza yekha.

Chachitatu n'cholemera. Masewero a masautso a Yesu ali ndi mbiri yowawa ku Ulaya, chifukwa kwa zaka mazanamazana ankaonetsa Ayuda onse ngati opha Mulungu, ndipo zimenezi zinkakolezera chidani. Ku Oberammergau ku Germany, mudzi umene wakhala ukuchita sewero lotere kuyambira 1634, pafupifupi zaka 10 zilizonse, Hitler anakaonera mu 1934 n'kuliyamikira. Mpingo wa Katolika unanena poyera mu 1965 kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse, ndipo anthu a m'mudziwo akhala akukonzanso mawu ndi zovala za sewero lawo. Inu musaveke adani a Yesu zovala, kayankhulidwe kapena zizindikiro za mtundu wina, chipembedzo china kapena chipani china cha kwanuko. M'holo anthu amaseka n'kuiwala, koma pa intaneti zimakhala mpaka kalekale, ndipo zimafika kwa anthu amene simunawaganizire. Yesu, amayi ake ndi ophunzira ake onse anali Ayuda.

Nkhani ya m'Baibulo ndi yaulere, aliyense angaichite sewero. Nyimbo za anthu ena si zaulere. Mukaika nyimbo ya woimba wina popanda chilolezo, YouTube ikhoza kutseka mawu kapena kuchotsa filimu yonse, ndipo kuno kwathu za umwini wa nyimbo zimayendetsedwa ndi bungwe la COSOMA. Kwaya yanu ipeke zake. Ana osakwana zaka 18 amene adzaoneke, makolo awo avomereze kaye. Pokwapula ndi popachika musapikisane ndi mafilimu akunja pa magazi. Onetsani nkhope za oonerera ndi phokoso la chikoti, ndipo mnyamata wokhala pamtanda aime pa thabwa lolimba, zingwe zisamunyamule thupi.

Ndalama zochepa zimene muli nazo mugulire maikolofoni yaing'ono yomata pa malaya, chifukwa anthu amapirira chithunzi chosawala koma mawu osamveka sawapirira. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo mphepo itadekha, foni ili chopingasa ndiponso itakhazikika pa chinthu chosagwedezeka. Chigawo chilichonse muchijambule kangapo, kamodzi patali, kenako pafupi ndi nkhope ya aliyense woyankhula, kuti wolumikiza zithunzi adzakhale ndi posankha.